Mikono ya Pikapu ya a Tsitsanso

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi mpongozi wanu ndi adzukulu anu awiriwo. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi la gilayinda yoperera zitsulo chomwe sichindisiya. Tsiku lija ndinaimba foni ndinakuwa mpaka anzanga pagalaja anayesa ndikukangana ndi munthu, inu n'kumangoti, "Akuti chiyani?" Ndiye ndaona kuti tibwerere ku pepala. Nyundo za zaka makumi atatu zinakudyerani makutu, koma maso ndikudziwa akadalipo. Makalata ndizipatsira woyendetsa basi uja, yankho muzimpatsa yemweyo.

Abwana, omwe timawatchula a Mawamawa chifukwa chilichonse amati mawa, andipatsa ntchito yomwe sindinagwirepo. Kwabwera pikapu yakale ya zitseko ziwiri, mtundu uja munkaukonda wa chitsulo chokhuthala. Eni ake ali ndi malo ometera tsitsi atatu m'tauni muno. Injini ili bwino, siidya oyilo. Chomwe akudandaula n'chakuti galimotoyo yatalikira pansi. Akufuna ikaima mimba yake izigona pamsewu, ikamanyamuka izidzuka pang'ono n'kumayenda. Musaseke. Kuno kuli anthu amasonkhana pabwalo kumaonetsana magalimoto otere, ndipo chionetsero chawo chili pakati pa Meyi.

Kutsogolo n'kosavuta, zida zake n'zogula. Kumbuyo ndiye kwagwera ine. Masipuling'i osanjikiza aja achoka onse, m'malo mwake tiika matumba awiri a labala omwe amafufuma ndi mpweya n'kuphwa. Koma inu mukudziwa kuti sipuling'i siingonyamula katundu, imagwiranso ekiselo ya matayala kuti isathawe. Thumba la mpweya silingagwire kanthu. Ndiye ndiyenera kupanga mikono inayi yachitsulo yochoka pa chasisi kukagwira ekiselo, iwiri pansi, iwiri pamwamba, ndi wachisanu wopingasa woletsa ekiselo kusunthira kumanja kapena kumanzere. Utali wake, pomangira pake, kupendekeka kwake, zonsezo zichokere m'mutu mwangamu. Buku palibe. Abwana angoti, "Iwe si uja umati unakulira pansi pa galimoto?"

Ndaikamo chojambula changa choyamba kuti muone zomwe ndikunena.

Muuzeni mpongozi wanu kuti ndalama zomwe ndapatsira woyendetsa basi ayambe wagulira mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi, zotsala agulire wamkuluyo nsapato za kusukulu. Asagule zonyezimira zija, zimang'ambika mwezi usanathe.

Za mapepala anga okhalira m'dziko lino, abwana akuti alemba kalata yomwe ikufunikayo ntchitoyi ikaoneka mutu wake. Nthawi ikadalipo, musade nkhawa.

Ndine mwana wanu.

2 Malichi

Bambo,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti miyendo yasiya kutupa. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndailandira. Mwalemba kuti inu zaka zonse munkawonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti magalimoto akwere ndi kunyamula zambiri, lero mwana wanu akulipidwa kuti alumalitse galimoto yabwinobwino. Ndamva. Ndinawerenga kawiri, kachiwiriko ndinaseka. Koma Bambo, galimoto si yanga, ndipo wometa sasankhira munthu mutu.

Bodi ya kumbuyo tachotsa, chasisi chili pa mastandi. Ndachidula pamwamba pa ekiselo n'kumangapo ngati kamlatho kokwera, kuti ekiselo izipeza polowa galimoto ikagona. Mikono ndinaijambula pansi pa simenti ndi choko, kukula kwake kwenikweni, monga munkachitira inu pojambula ngolo za mathirakitala. Zinanditengera masiku atatu ndili chogwada. Lachinayi m'mawa ndinapeza pansi pali mbee, atakolopa. Abwana anali ndi alendo ofuna kuona galaja. Nditadandaula anati pagalaja si pasukulu ya mkaka.

Eni galimoto amabwera Lolemba lililonse, tsiku lomwe malo awo ometera amatseka. Ndi bambo wamfupi, waukhondo, wa nsapato zoyera. Amatulutsa bokosi la machesi m'thumba, n'kuliika pansi pa chasisi pomwe ndalemba kuti ndi pogonera. Likalowa amapukusa mutu n'kunena kuti, "Tsitsanso." Ndiye dzina lawo pagalaja pano ndi a Tsitsanso. Iwo amaona ngati kutsitsa ndi kumasula bawuti imodzi. Sadziwa kuti ndikatsitsa chala chimodzi chokha, pomangira mikono yonse pasintha, kamlatho kaja kachepa, shafiti yochoka ku giyabokosi kupita ku difu ya pakati pa ekiselo yagunda pansi pa kabini. Ndayambiranso katatu. Ndinayesa kuwafotokozera kuti mikono imayezedwa galimoto ili pa msinkhu woyendera, osati itagona, chifukwa moyo wa munthu uli poyenda. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumaliza, kenako anatulutsa bokosi lija.

Vuto lalikulu ndi thanki ya mafuta. Yakhala ndendende pomwe mikono ya pansi iyenera kudutsa. Ine ndikufuna mikono yaitali. Ikafupika, galimoto ikamakwera ndi kutsika mphuno ya difu imaweramuka ndi kuwerama ngati nkhuku yomwa madzi, ndipo joyinti ya shafiti ndi yomwe imalira. Ndauza abwana kuti thanki isamukire kuseri kwa ekiselo. Akuti tiona mawa.

Denga la chipinda cha ana lisadikire ine. Pezani mmisiri asinthe malata awiri okhawo omwe akudontha, koma inu musakwere makwerero. Ndikudziwa mukwera, koma ndanena.

Chojambula chatsopano ndi ichi.

Mwana wanu.

21 Malichi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndadzuka bwino, ngakhale mutu ukuwawa.

Ndatsegula envelopu ndikuyembekeza kalata, ndapeza chojambula changa chomwe chitabwerera. Mwazunguliza mkono wopingasa uja ndi cholembera chofiira, n'kulemba pambali mawu atatu okha: "Waufupi. Wapendekeka. Yezanso." Moni palibe, za ana palibe.

Bambo, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndawotcherera zitsulo kuno zaka zisanu ndi chimodzi, palibe chomwe chinabwerako chitathyoka. Thumba la mpweya inu simunaligwirepo ndi dzanja. Mkonowo ndaufupikitsa dala chifukwa mbali inayo kukudutsa paipi ya utsi, ndipo ndaupendeketsa chifukwa pomangira pena palibe. Kuno ndili ndi a Tsitsanso ndi bokosi lawo, ndili ndi a Mawamawa ndi thanki yawo, ndimati mwina kwathu kokha kuchokera mawu oti wayesetsa. Ndili mwana mukandituma sipanala ya 13 ndikabweretsa 13 yemweyo, munkafunsabe chomwe ndachedwera. Ndaona kuti simunasinthe.

Abwana abwera ndi nzeru zatsopano. Agula mikono yopangiratu kwa munthu wina yemwe anaphwasula galimoto yake, yopakidwa utoto wofiira, yokongola ndithu. Utali wake sukufika ngakhale theka la womwe ndikufuna. Akuti ndi imeneyi thanki siisuntha ndipo tipulumutsa milungu iwiri. Aisiya pa benchi yanga. Ine ndaisunthira pansi pa benchi, sitinalankhulane za iyo.

Mpongozi wanu akuti ndimalembera inu masamba awiri a zitsulo, iye n'kumuimbira mphindi zitatu. Muuzeni kuti si kuipa mtima. Pafoni amandifunsa mafunso omwe mayankho ake sindinawapeze.

Ndasangalala kuti denga lakonzedwa. Ndamvanso kuti amene anakwera ndi ndani.

Ine mwana wanu.

8 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Chifuwa chija chachepa.

Ndiyambe ndi chovuta kulemba. Munalondola. Nditatumiza kalata ija mtima sunakhale pansi, ndiye Loweruka masana anzanga ataweruka ndinatenga thabwa, misomali ndi timitengo, n'kupanga mkono wopingasawo monga ndinaujambulira. Nditaukweza ndi kuutsitsa, nsonga yake inasunthira pambali zala ziwiri zathunthu. Pakati pa tayala ndi madigadi olivundikira pali chala chimodzi. Tayala likanadyeka tsiku loyamba. Ndinakhala pa ndowa ya oyilo nthawi yaitali ndikuyang'ana thabwalo. Tsopano ndautalikitsa kuchoka mbali ina ya chasisi kukafika pafupi ndi tayala la mbali inayo, wagona mowongoka galimoto ikakhala pa msinkhu woyendera, ndipo paipi ya utsi ndi yomwe ipatuke. Kusuntha kwatsala kochepa kuposa kukhuthala kwa pensulo. Mwambi wa mawu a akulu uja sindiulemba, mukuudziwa kale. Zomwe ndinalemba za sipanala muziiwale.

Chachiwiri ndi ichi. Lolemba abwana anatulutsa mikono yofiira ija pansi pa benchi n'kundiuza kuti ndiyambe kuwotcherera zomangira zake tsiku lomwelo. Ndinawatengera pa thabwa langa, ndinakhomapo timitengo tiwiri tofanana utali ndi mikono yawoyo, n'kuwaonetsa momwe mphuno ya difu ikugwedezekera. Ndinawauza kuti itagona pabwalo iwoneka bwino, koma pamsewu shafiti izinjenjemera mpaka joyinti ithyoke. Sanayang'ane n'komwe thabwalo. Anati galimotoyo ndi yokaimika pachionetsero anthu n'kumaijambula, si ya mpikisano wa liwiro. Ndinati ku chionetseroko ikafika poyenda, ndipo a Tsitsanso amatenga mwana wawo wamkazi kusukulu.

Apa ndi pomwe anatsitsa mawu. Anati, "Kalata ija ukuifunabe?"

Ndinati ndikuifuna.

"Ndiye wotcherera."

Bambo, ndinavala chigoba cha kumaso, ndinagwira chowotcherera, ndinagwada. Ndinakhala choncho mwina mphindi yathunthu. Kenako ndinazimitsa makina n'kuwauza kuti china chilichonse pagalaja pano ndigwira, koma ichi ayi. Sindinakweze mawu. 

Ntchitoyo apatsa mnzanga wina yemwe timamutchula Phuma. Dzanja lake ndi labwino, amawotcherera mosalala kuposa ine, koma safunsa chifukwa. Wamanga mikono yofiirayo ndi wopingasa waufupi womwe unabwera nayo. Ine andiika kumbuyo kwa galaja, kosintha mapaipi a utsi. Phuma anabwera nthawi ya nkhomaliro kudzandiuza kuti ndisamukwiyire, naye ali ndi ana. Ndinamuuza kuti sindinakwiye, ndipo ndinamupempha kuti angolimbitsa bwino zomangira za pamwamba.

Izi mpongozi wanu musamuuze. Mwezi uno ndatumiza zochepa, mumuuze kuti ntchito yachepa, zomwe si bodza kwenikweni.

Mwana wanu.

27 Epulo

Bambo,

Ndili bwino, ndikhulupirira nanunso.

Ndasamuka chipinda chija. Tsopano tikukhala awiri ndi munthu wina wosoka mipando ya galimoto, kufupi ndi ntchito, ndimayenda wapansi. Woyendetsa basi azisiya makalata pagalaja.

Mwafunsa za kalata ya abwana. Kuofesi ya mapepala amafuna ifike mwezi wathunthu mapepala asanathe. Anga akutha pa 31 Meyi. Werengani nokha. Ndapita kukagogoda kawiri, akuti ali otanganidwa.

Mwalembanso kuti mukanakhala inu mukanachita chimodzimodzi. Pepalalo ndalipinda, lili m'thumba la ovolosi.

Pikapu ija yapakidwa utoto wobiriwira. Ndimaiona ndikamadutsa. N'njokongola.

Mwana wanu.

5 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ine ndili moyo, ndipo chachikulu n'chakuti palibe amene wavulala.

Lachisanu a Tsitsanso anabwera kudzatenga galimoto yawo kuti akaiyese. Inagona pansi bwinobwino, bokosi la machesi linakana kulowa, anthu anaomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo ndi mapaipi anga. Patatha ola limodzi galimoto inabwerera itanyamulidwa pa lole. Akuti atangofika pa msewu waukulu n'kuponda mafuta, kabini yonse inayamba kunjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo linagwa. Asanapeze poima joyinti inathyoka, shafiti inamenya pansi pa bodi n'kuboola, inaphonya thanki ndi chikhatho chimodzi. Tayala la kumanzere madigadi analisenda ngati mbatata.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamva chisoni chokha. Ndinamvanso kena kake kokoma, ndipo ndikuchita nako manyazi.

Sikanakhalitse. Ndinangoona nsapato zoyera zaima pafupi ndi mutu wanga ndili pansi pa galimoto ina. Nditatuluka a Tsitsanso anandikalipira pamaso pa anthu onse. Abwana anali atawauza kuti mikonoyo inamangidwa motsatira chojambula changa. Anati ndine wakuba, ndikanawapha, anthu ngati ine timabwera kuno kudzaphunzirira ntchito pa katundu wa eni ake. Zinanso ananena zomwe sindilemba. Abwana anaima pakhomo la ofesi akuyang'ana foni.

 Ndinapita pa bokosi langa la zida, ndinatulutsa chojambula chija munachizunguliza ndi chofiira, ndi chatsopano chomwe, ndi thabwa langa la misomali. Ndinawapatsa tepi kuti ayeze okha mkono womwe uli pa galimoto, ayerekeze ndi nambala ya papepala. Anayeza kawiri. Munthu wometa amadziwa kuyeza. Kenako analoza zofiirazo n'kufunsa kuti analemba ndani. Ndinati bambo anga, makanika wopuma ntchito, yemwe galimotoyi sanaionepo.

 Atamva zimenezo anandiuza chomwe sindinkadziwa, kuti pikapuyi inali ya malemu bambo awo, omwe ankanyamulira njerwa mpaka anawalipirira sukulu yometa. Akuti inakhala zaka zisanu ndi zitatu pansi pa mtengo, ndipo ankafuna anthu aiyang'ane kamodzi kokha monga iwo ankaiyang'anira ali mwana. Pepani sananene. Anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

Potuluka abwana anandiuza, osandiyang'ana, kuti thanki isamuke ndipo ndimange mikono yanga. Kwatsala masiku khumi ndi limodzi. Ndinafunsa za kalata. Akuti tsiku linadutsa inde, koma ali ndi loya wodziwa kupempha kuti alandire mochedwa. Ndasankha kukhulupirira, chifukwa china choti ndichite palibe.

Uzani adzukulu anu kuti ndawapatsa moni. Wamng'onoyo dzino lija latuluka?

Ine mwana wanu.

19 Meyi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine msana ndi womwe ukudandaula, ndipo ndapsa pang'ono padzanja, koma si zoti n'kudera nkhawa.

Yatha. Tinadula zonse za Phuma n'kuyambira pa chitsulo choyera. Phuma yemweyo ndi amene anandithandiza, osatumidwa ndi munthu. Ine ndinkayeza, iye n'kumawotcherera. Tinayamba tagwiriziza ndi timadontho tokha, n'kukweza ekiselo ndi jeke kuchoka pansi mpaka pamwamba, kakhumi kapena kuposa, ine ndili ndi levulo yoyezera kupendekeka pa mphuno ya difu. Siinagwedezeke kopitirira pomwe ndinalola. Ndinayezanso mopingasa kuchoka ngodya ina kupita ina monga munkandiuzira, mbali zonse zinafanana. Mkono umodzi wa pamwamba unakhudza thumba la mpweya galimoto itagona, tinataya tsiku lathunthu kusuntha chomangira chake. Ndinatukwana tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire.

Lolemba lomaliza a Tsitsanso anabwera ndi bokosi lawo. Linalowa, movutikira koma linalowa. Ndinawauza kuti pamenepo ndi pomwe ndathera, ndikatsitsanso shafiti igunda. Anayang'ana bokosilo, anayang'ana ine, n'kulibweza m'thumba.

Ku chionetsero sindinapite. Kumakhala apolisi ambiri pazipata, ndipo masiku ano sindikonda kufunsidwa mafunso. Phuma anapita n'kundionetsa zithunzi pafoni. A Tsitsanso anachotsa dala pansi pa bodi n'kuikapo galasi kuti anthu aziona mikonoyo, ndipo akuti amuna akuluakulu ankagwada kusuzumira. Galimotoyo yapata malo achiwiri. Pa chikwangwani chomwe anaimika pambali analemba dzina la galaja ndi la abwana, kuti ndiwo anakonza mapulani a kumbuyo konse. Pa chithunzi china abwana akuloza mkono wopingasa uja, akufotokozera anthu.

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Umenewo ndi mkono wanu, Bambo.

Dzulo ndinafunsa za loya. Akuti wapita kumaliro, abwera mawa.

Musagulitse njinga yanga yomwe ndinasiya kumeneko ija, ngakhale alamu anga akakamize bwanji.

Mwana wanu.

29 Meyi

Okondedwa Bambo,

Kalata iyi siidzera kwa woyendetsa basi. Ndikuilembera pa benchi ya pa depoti, ndipo ndikupatsani ndekha m'manja. Ndili bwino, mudzionera nokha.

Loya kunalibe. Lachiwiri ndinalowa mu ofesi osagogoda n'kupempha nambala yake kuti ndimuimbire ndekha. Abwana anasakasaka m'foni, kenako anati zinthu zavuta chaka chino, ndipite kaye kwathu, zikadzakhala bwino adzandiitana. Anawonjezera kuti ndikafuna ndikhoza kutsala n'kumagwira ntchito kumbuyo kwa galaja mwakachetechete, malipiro n'kutsikako pang'ono. Ndawaona anthu omwe anavomera zimenezo. Amathawa akamva galimoto yaima pageti. Ndinawathokoza, ndinatenga bokosi langa la zida. Zaka zisanu ndi chimodzi zinakwana m'bokosi limodzi ndi chikwama chimodzi.

Phuma ndiye anauza a Tsitsanso kuti ndikubwerera kwathu. Lero m'mawa ndikutuluka m'chipinda ndinapeza pikapu yobiriwira itagona pakhomo, ana a m'nyumba zoyandikana ataizungulira. A Tsitsanso anati anayesa kufunsa ngati angandilembe ntchito iwo, koma anawauza kuti malo ometera sangalembe wowotcherera, ndipo masiku atha kale. Anakweza okha bokosi langa kumbuyo, atayala kaye bulangeti kuti lisakande utoto. Kenako anandiponyera makiyi.

Bambo, miyezi inayi ndakhala pansi pa galimoto imeneyi, koma ndinali ndisanakhalepo m'kati mwake. Ndinaliza injini, ndinadina batani, matumba anafufuma, inadzuka mowongoka osapendekera mbali. Tinadutsa mahampu atatu a pafupi ndi sukulu, sinagunde paliponse. Pa msewu waukulu, pamalo pomwe shafiti inathyokera, a Tsitsanso anati, "Pondani." Ndinaponda. Galasi loonera kumbuyo linangoti zii, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Pokhota kumbuyo kunkatsatira kutsogolo ngati kwamva. Ndinatsegula zenera kuti ndimve ngati tayala likukhudza, ndinangomva mphepo. Sindikudziwa chomwe chinandigwira, koma ndinadutsa pokhotera ku depoti, ndipo iwo anandisiya mpaka tinazungulira kachiwiri.

Potsazikana anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuti ndikapereke moni kwa bambo a cholembera chofiira.

Mtima ukundiwawabe, sindinama. Chikwangwani chija sichikundichoka m'maganizo. Sindikudziwa kuti tidya chiyani miyezi ikubwerayi, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita mwanzeru tsiku lija ndinazimitsa makina. Ndikungodziwa kuti mwana wa a Tsitsanso akwera galimoto imeneyo Lolemba.

Chifukwa chomwe ndalembera m'malo mongokuuzani ndi ichi. Mpongozi wanu akudziwa kuti ndikubwera kutchuthi cha milungu iwiri. Zoona zake ndikufuna azimve kwa ine, titakhala pansi awiri, ana atapita kusukulu. Ndikati ndikuuzeni pakamwa ndiyenera kukuwa, ndipo amva mpaka oyandikana nawo. Inunso masiku ano mukamati mukunong'ona mumamveka kumsewu. Ndiye ndikakupatsani pepalali, valani magalasi muwerenge ine ndili pomwepo. Mukamaliza musanene kanthu. Mungondiyang'ana, ndidziwa.

Basi yafika, akukweza katundu.

Ndine mwana wanu.